Ya zaka 40 silipira, ya zaka 35 ikulira: msonkho wa galimoto zamakedzana ku Britain

Lamulungu loyamba la mwezi wa Novembala chaka chilichonse, dzuwa likamatuluka, galimoto mazana angapo zimanyamuka ku Hyde Park mumzinda wa London kupita ku Brighton, ulendo wa mamailosi pafupifupi 60. Iliyonse mwa izo inapangidwa chaka cha 1905 chisanafike. Zina zimayendera nthunzi, zina zimatsokomola utsi njira yonse, ndipo zina zimafera pamtunda eni ake n'kutsika kukankha. Mwambowu ndi wokumbukira chaka cha 1896, pamene lamulo linalola galimoto kuthamanga mamailosi 14 pa ola m'malo mwa anayi okha.

Eni galimoto zoterezi ku Britain salipira msonkho wa pachaka umene woyendetsa galimoto wina aliyense amalipira kuti aloledwe pamsewu. Lamulo likuti galimoto ikakwanitsa zaka 40, mwini wake atha kuilembetsa m'gulu la galimoto zosunga mbiri, ndipo msonkhowo umathera pomwepo. Malire ake amasuntha chaka ndi chaka: kuyambira pa 1 Epulo 2025, galimoto zopangidwa 1 Januwale 1985 asanafike ndi zomwe zinamasuka. Kuyambira mu Meyi 2018, galimoto zotere sizikakamizidwanso kupita kokayezedwa chaka chilichonse pa mayeso a MOT, omwe kwathu kuno tingawayerekeze ndi COF, bola ngati sizinasinthidwe kwambiri. Ngakhale ndalama ya mapaundi 12.50 patsiku imene galimoto zotulutsa utsi wambiri zimalipira poyenda mu London, izi sizilipira.

Amene akulira ndi eni galimoto zomwe zakalamba koma sizinafike pa 40. Galimoto yolembetsedwa 1 Malichi 2001 asanafike imalipira potengera kukula kwa injini, ndipo magulu ake ndi awiri okha: ya 1549cc kutsika m'munsi, ndi yoposa pamenepo. M'chaka cha 2023 gulu lachiwirili linkalipira mapaundi 325. Mu 2024 zinafika pa 345, ndipo mu Epulo 2025 zinakwera kufika pa 360. Taganizani kagalimoto ka Mazda MX-5 ka m'chaka cha 1990, ka anthu awiri, kopepuka, kamene mwini wake amakatulutsa m'galaja dzuwa likawala basi. Injini yake yadumpha malirewo ndi pang'ono chabe, choncho kamalipira ndalama yonseyo, ndipo kakalowa mu London kamalipiranso ya utsi ija. Pomwe mwini Jaguar E-type ya 1961, galimoto imene mtengo wake ungagule timagalimoto ta Mazda tambirimbiri, salipira ngakhale khobidi.

Apa m'pamene lamuloli limandidabwitsa. Galimoto imene yapulumuka zaka 40 nthawi zambiri imakhala kuti inagwera m'manja mwa munthu woti ali ndi galaja, ali ndi makaniko wake, ndiponso ali ndi galimoto ina yopitira kuntchito. Zaka zoopsa kwa galimoto ndi zapakatizi, pamene mtengo wake wagwa, dzimbiri layamba kudya kunsi, ndipo mwini wake akuwerengera ngati kuisunga kuli ndi phindu. M'zaka zimenezi ndi momwe boma likukwezera msonkho. Zina zimathera kophwanyira zitsulo zitatsala pang'ono kufika pamalire.

Kale malirewo sanali patali chonchi. Kenneth Clarke, ali nduna ya zachuma, analengeza mu 1995 kuti galimoto ya zaka 25 isamalipire. Boma la chipani cha Labour litalowa mu 1997, nduna yake ya zachuma Gordon Brown anawaimitsa malirewo pa 1 Januwale 1973, ndipo anakhala pomwepo osasuntha. Munthu amene anali ndi galimoto ya 1973 anadikira mpaka 2014, pamene George Osborne, nayenso ali nduna ya zachuma, anawayendetsanso, koma tsopano pa zaka 40.

Otsutsa ufulu umenewu ali ndi mfundo yomveka. Misewu ya m'madera ku England ndi Wales yadzaza maenje, ndipo bungwe la makampani a phula la Asphalt Industry Alliance linanena mu 2025 kuti kuikonza yonse kukufunika mapaundi opitirira 16 biliyoni. Ndiye amafunsa kuti, namwino amene amayendetsa kagalimoto kake kupita kuchipatala alipire, pomwe wachuma wosunga galimoto zisanu zokongoletsa asalipire?

Funsoli ndi labwino, koma likuganiza kuti msonkhowu umapita kumsewu. Zinali choncho kalekale. David Lloyd George, ali nduna ya zachuma, anayambitsa dongosolo loti ndalama za oyendetsa galimoto zizikonza misewu m'bajeti ya 1909, ndipo lamulo la 1920 linakhazikitsa thumba lapadera la misewu lotchedwa Road Fund. Silinachedwe kubooka. Mu 1926 Winston Churchill, ali nduna ya zachuma, anatapamo ndalama n'kuzipititsa ku ntchito zina za boma, ndipo pofika 1937 msonkho wa galimoto unayamba kulowa m'thumba lalikulu la boma monga msonkho wina uliwonse. Dzina lokha ndi lomwe linatsalira pakamwa pa anthu, moti mpaka lero ambiri amautchabe msonkho wa msewu. Mu 2015 Osborne analonjeza kuti kuyambira 2020 ndalama za msonkhowu ku England zizipita ku thumba latsopano la misewu, koma thumba limenelo linayang'ana kwambiri misewu ikuluikulu. Msewu wodutsa pakhomo pa munthu, womwe uli ndi dzenje limene amadandaula nalo, umasamalidwa ndi khonsolo ya dera lake.

Komanso si galimoto yaing'ono imene imaphwanya msewu. Akatswiri a ku America anachita kuyesa zimenezi ku Ottawa m'chigawo cha Illinois pakati pa 1958 ndi 1960, poyendetsa mathiraki olemera mosiyanasiyana pamisewu yomangidwira mayesowo. Anapeza kuti kulemera kopsinja matayala kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Mwa masamu amenewa, thiraki imodzi yodzaza katundu imagumula phula kuposa galimoto zing'onozing'ono zikwi zingapo. Onjezani apo kuti galimoto zamakedzana siziyenda kwenikweni. Kafukufuku wa 2020 wa bungwe la magulu a eni galimotozi, Federation of British Historic Vehicle Clubs, anapeza kuti iliyonse imayenda mamailosi pafupifupi 1,200 pachaka. N'zoona kuti bungweli limalankhulira mbali yake, koma aliyense amene anaonapo galimoto yotere itafunda nsalu m'galaja nyengo yonse yozizira sangakane msanga.

Msonkho umene umatsata mayendedwe enieni a munthu ndi wa mafuta: woyenda kwambiri amalipira kwambiri, ndipo galimoto yakale, poti imamwa petulo mosaumira, imalipira zochuluka pa mailosi iliyonse. Koma uwu ndi umene andale amaopa kuukhudza. Unaima osakwera kuyambira 2011, ndipo mu Malichi 2022 unatsitsidwa ndi mapeni asanu kufika pa 52.95 pa lita. Galimoto zamagetsi zikuchulukanso, ndipo sizigula lita ngakhale imodzi. Mpake kuti kuyambira Epulo 2025 nazonso zinayamba kulipira msonkho wa pachaka. Dzenje likakula m'bajeti, nduna imayang'ana kumene kuli anthu ochepa oti angaikwiyire, ndipo eni galimoto za m'ma 1990 si gulu loti lingagwetse boma.

Ku Netherlands anadutsamo kale. Kumeneko malire anali zaka 25, ndipo anthu ambiri anatulukira nzeru yogula Mercedes yakale ya dizilo n'kumapitira kuntchito tsiku lililonse popanda msonkho. Kuyambira Januwale 2014 boma linakweza malirewo kufika pa zaka 40. Eni galimoto za petulo zomwe zinatsakamira pakati anapatsidwa mwayi wolipira kandalama kochepa, koma pa mgwirizano woti galimotoyo isaonekere pamsewu mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Njira imeneyi, ngakhale inakwiyitsa ambiri, inayesako kusiyanitsa wosunga galimoto ndi wozemba msonkho. Lamulo la ku Britain limangowerenga zaka.

Wowerenga wa ku Malawi aona kuti kwathu zinthu zinatembenuka. Galimoto yochokera kunja ikakhala yakale, msonkho wake pachipata umakwera m'malo motsika, ndipo Peugeot 504 kapena Land Rover yakale imene ku Britain akanaipukuta ndi kuionetsa pachionetsero, kuno inafera pantchito yonyamula anthu ndi matumba a chimanga. Koma pa nkhani ya thumba la misewu, ife tikadali pamene a ku Britain anali m'ma 1920. Malamulo a 2006 anakhazikitsa Roads Fund Administration, yomwe imalandira gawo la ndalama za pa lita iliyonse ya mafuta, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2021 inayamba kulipiritsa pa chipata cha Chingeni pamsewu wa M1, kenako cha Kalinyeke ku Dedza. Woyendetsa minibasi akamalipira pazipatazi amakhala ndi ufulu wofunsa kuti ndalama yake yakwirira dzenje liti, funso limene mnzake wa ku Britain analandidwa mu 1937.

Mwini Mazda ya 1990 uja, malamulo akapanda kusinthanso, adzamasuka mu Epulo 2031. Ngakhale msonkho utaima pa mapaundi 360, pofika tsikulo adzakhala atalipira ena opitirira 2,000 kuwerengera kuyambira 2025, ndipo m'zaka zapitazi sunaimepo.