Mayeso afika pamodzi ndi mvula: makolo a ku Entre Lagos atchere khutu

ENTRE LAGOS — Mwezi wa Novembala ukafika, ntchito ziwiri zimagundana pakhomo limodzi. Mvula yoyamba imaitana aliyense kumunda, ndipo nthawi yomweyo sukulu imaitana ana kumayeso omaliza chaka. M'midzi ya m'boma la Mecanhelas, pakati pa nyanja ya Chiuta ndi ya Chilwa, mwana amene wakhala chaka chonse akupalasa njinga kupita kusukulu akhoza kutaya zonse m'masabata awiri okha, osati chifukwa cha umbuli, koma chifukwa cha njala, malungo, ngozi ya panjira kapena munthu woipa mtima.

Abale a tsidya lina la malire, ku Nayuchi, ali ndi mwayi pang'ono. Mayeso akuluakulu a ku Malawi amalembedwa pakati pa chaka, nthawi yozizira, nkhokwe zikadali ndi chimanga. Kuno ku Moçambique chaka cha sukulu chimatha mu Novembala ndi Disembala, pamene ufa wayamba kuchepa m'nyumba, udzudzu ukuchuluka m'madambo, ndipo misewu yayamba kuterera. N'chifukwa chake mayeso a kuno salembedwa ndi mwana yekha. Banja lonse limalemba nawo.

Makolo ambiri a dera lino sanakhalepo m'chipinda cha mayeso. Nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992 inatseka sukulu zambiri, ndipo mabanja ochuluka anathawira ku Malawi. Lero ana ndi adzukulu awo ndiwo akufika patali. Lamulo la maphunziro la 2018 linanena kuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo sekondale imathera kalasi 12. Ena apitirira mpaka ku Cuamba, mtunda wa makilomita 77 panjanji, kumene kuli sukulu ya aphunzitsi ndi nthambi ya zaulimi ya Universidade Católica de Moçambique. Ena ali ku Lichinga, ku Universidade Rovuma, imene inakhazikitsidwa mu 2019. Onsewa amalemba mayeso kumapeto kwa chaka, ali kutali ndi moto wa amayi awo.

Njira ya kusukulu

Ngozi yoyamba ili panjira. Njanji imene imadutsa pa Entre Lagos inalumikizidwa ndi ya ku Malawi mu 1970, ndipo kwa zaka zambiri sitima zinkabwera mwa apo ndi apo. Zinthu zinasintha njanjiyo itakonzedwanso n'kutsegulidwa mwamwambo mu 2017. Tsopano sitima zazitali zonyamula malasha a ku Moatize zimadutsa usana ndi usiku kupita kudoko la Nacala-a-Velha. Sitima yolemera chotero siima msanga ngakhale woyendetsa ataona munthu patsogolo. Mwana amene wachedwa kumayeso amayesedwa kudutsa pansi pa mabogi a sitima yoima, kapena kuyenda pakati pa njanji maso ali m'kope. Sitima yoima imanyamuka osatsanzika. Mankhwala ake ndi amodzi: kudzuka m'mamawa ndi kunyamuka nthawi ikadalipo.

Mvula nayo ili ndi zake. Dera lino ndi chigwa, madzi sachedwa kudzaza makwawa. Mphenzi zimapha anthu chaka ndi chaka m'dziko muno, ndipo bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, INGD, limachenjeza kuti munthu asabisale pansi pa mtengo kukamagunda. Ophunzira a mudzi umodzi aziyenda pagulu, makamaka atsikana, ndipo amene akuchokera kutali apezeredwe pogona pafupi ndi sukulu mayeso asanayambe.

Pogona ndi chakudya

Pogonapo pafunika maso a kholo. Si nyumba iliyonse ya lendi imene ili yabwino kwa mwana wamkazi. Bambo, mayi kapena malume apite yekha akaone chitseko ngati chimatsekeka, akadziwe mwini nyumba, ndipo akam'pereke mwanayo kwa mfumu kapena kwa sekeretale wa bairo kuti adziwike. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anthu okhala pafupi ndi sukulu akaona wophunzira akuvutitsidwa, asanene kuti si wa pamudzi pano.

Mimba yanjala siwerenga. Kathumba ka ufa, matemba ouma ndi mchere pang'ono zikhoza kukhala kusiyana kwa kukhoza ndi kulephera. Mtsikana amene watha masiku awiri osadya ndiye amene amakodwa ndi mamuna wobwera ndi ndalama pasiteshoni kapena pamsika wa m'malire. Amene ali ndi mwana ku Cuamba kapena ku Lichinga am'tumizire kangachepe mwezi uno, ndipo am'imbire foni, osangofunsa za mayeso ayi, koma ngati wadya ndiponso ngati akugona.

Masikito apite naye limodzi. Thupi likatentha, wophunzira asadikire kuti mayeso athe. Kuchipatala amayeza malungo ndi kadontho ka magazi ndipo yankho limatuluka pomwepo. Wolephera kulemba chifukwa cha matenda atenge chikalata cha kuchipatala n'kukachipereka msanga kwa mkulu wa sukulu, poti pamakhala ulendo wachiwiri wa mayeso kwa amene ali ndi chifukwa chomveka.

Ogulitsa mayankho ndi ogula atsikana

Nyengo ya mayeso ndi nyengonso ya akamberembere. Pamabwera anthu onena kuti ali ndi mafunso a mawa m'foni mwawo, n'kumafuna mametikali. Ena amangodya ndalama za anthu. Ngakhale mafunsowo atakhala enieni, wogwidwa ndi kabula kapena ndi foni m'chipinda cha mayeso amafafanizidwa, chaka chonse n'kupita m'madzi. Malikisi a kuno amawerengedwa kuyambira 0 mpaka 20, ndipo 10 wopeza ndi mutu wako amaposa 16 wogula, pakuti wogulayo sakuperekeza ku mayeso olowera kuyunivesite.

Choipa koposa ndi munthu waudindo amene amauza mtsikana kuti sakhoza pokhapokha agone naye. Umenewu ndi mlandu, ndipo wolakwa si mwanayo. Nkhani yotere ikaperekedwe kwa mkulu wa sukulu, ku Conselho de Escola kumene makolo ndi anthu a m'mudzi ali ndi mipando, kapena kupolisi, kumene kuli ofesi yolandira mabanja ndi ana ochitidwa nkhanza. Palinso nambala ya 116, ya Linha Fala Criança, imene mwana kapena wamkulu angaimbe osalipira. Kusukulu zaukachenjede wodandaula apite kwa akuluakulu a sukuluyo kapena kubungwe la ophunzira.

Makolo adziwenso malamulo awiri. Lamulo la 19/2019 limaletsa kukwatitsa kapena kutomeretsa mwana wosakwana zaka 18. Ndipo chigamulo cha mu 2003 chimene chinkakankhira atsikana apakati ku sukulu ya usiku chinathetsedwa mu Disembala 2018. Mtsikana woyembekezera ali ndi ufulu wokhala pa desiki yake masana ndi kulemba mayeso ngati anzake onse.

Khasu lidikire masiku ochepa

Palibe amene angatsutse kuti mbewu yochedwa kubzala siibereka bwino. Koma munda umene wachedwa ndi masiku atatu ukhoza kugwirizidwa ndi ganyu kapena dima, pamene mayeso ophonya amadikira chaka chathunthu, ndipo ana ambiri obwereza kalasi sabwererakonso. Abale agawane mizere ya wophunzirayo. Mtsikana apumuleko kuchitsime ndi kumtondo. Mnyamata asatumidwe kukokera ukonde usiku woti mawa lake akulemba masamu. Njinga ya pakhomo ikhale yake masabata amenewa, ndipo chiphaso chake, bilyete, chisungidwe m'pepala la pulasitiki kuti chisanyowe, poti chimafunika pakhomo la mayeso.

Zotsatira zikadzapachikidwa pakhoma la sukulu, si onse adzaone dzina lawo pakati pa okhoza. Tsiku limenelo ndi lofunika kusamala ngati la mayeso lomwe. Mwana wolephera asanyozedwe pamaso pa anthu, asathamangitsidwe pakhomo, ndipo asasiyidwe yekha. Akayamba kudzipatula, kukana chakudya kapena kulankhula zodzipha, aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo. Chaka cha sukulu chimabweranso mwezi wa Febuluwale, ndipo dzina lake likhoza kulembedwanso m'kaundula.