Za Ana Osamva ndi Aphunzitsi Awo

Ndifuna kukuuzani za maphunziro a ana osamva, pakuti nkhaniyi ili m'nyumba mwathu mwenimweni ku Ndirande. Ndili ndi mlongo wanga wamng'ono wa zaka 11 amene samva. Anabadwa bwinobwino, koma ali ndi zaka ziwiri anadwala matenda oumitsa khosi, nagona m'chipatala masabata atatu. Pamene anachira, makutu ake anali atatsekeka, ndipo mawu ochepa amene anali atayamba kutchula anazimirira pang'onopang'ono monga moto wosasonkhezera. Anthu a m'dera lathu anayamba kumutchula gonthi, ena mbewewe. Maina amenewa ndi onyoza, ndipo ndikupemphani kuti muwaleke. Mawu abwino ndi akuti munthu wosamva.

Atakwana zaka zisanu ndi chimodzi amayi anakamulembetsa pa sukulu ina ya pulaimale pafupi ndi kwathu. M'kalasimo munali ana oposa zana limodzi ndi mphunzitsi mmodzi. Mphunzitsiyo sanali munthu woipa ayi, koma analankhula atayang'ana kubolodi, ndipo mlongo wanga anakhala zaka ziwiri ali kukopera zilembo mokongola zedi osadziwa kuti zitanthauzanji. Makope ake ndinawaona: mawu oti "cat" anawalemba mizere khumi, koma mphaka wa kwathu akadutsa sanadziwe kuti ndi yemweyo. Tsono mu 2023 anapeza malo pa sukulu ya ana osamva yogonera komweko, ndipo pa tchuthi choyamba anabwera ali ndi chinthu chimene ife tonse tinalephera kumupatsa, ndicho chinenero.

Ambiri a ife timaganiza kuti chinenero chamanja ndi kungoloza ndi kuyerekeza, monga achitira munthu amene ali kuitana minibasi. Si choncho. Kuloza kumeneko nafenso tinali nako kunyumba: tinali ndi chizindikiro cha nsima, cha madzi, cha kugona, ndi zina zosapitirira makumi atatu. Koma ndi zimenezo sungathe kuuza mwana chifukwa chimene agogo ake anamwalirira, kapena kumufunsa chimene analota. Chinenero chamanja chenicheni chili ndi malamulo ake. Mawu amapangidwa ndi kaumbidwe ka dzanja, malo amene dzanjalo lili, ndi kayendedwe kake. Nkhope nayo igwira ntchito imene kukweza ndi kutsitsa mawu kumagwira mwa ife, kotero kuti nsidze zokha zisiyanitsa funso ndi chiganizo wamba. Munthu amene anaonetsa izi kwa ophunzira a dziko lonse ndi William Stokoe wa pa Gallaudet, sukulu ya ukachenjede ya anthu osamva ku Washington, m'buku lake la mu 1960. Ndiponso chinenerochi si chimodzi pa dziko lonse. Osamva a ku Britain ndi a ku America salankhula mofanana, ngakhale anzawo akumva m'maiko awiriwo alankhula Chingerezi chimodzi. Ife kuno tili ndi chathu, Chinenero Chamanja cha Malawi.

Nanga bwanji osangowaphunzitsa kuwerenga milomo? Funso limeneli analifunsa amalume anga, ndipo ndi lakale kwambiri. M'chaka cha 1880 aphunzitsi a ana osamva anasonkhana ku Milan, m'dziko la Italy, nagwirizana kuti ana aziphunzira kulankhula ndi pakamwa, manja aleke. Mwa anthu onse amene anapanga lamulolo, osamva analipo ochepa zedi. Maganizo amenewo anafalikira kutali, ndipo m'maiko ambiri ana analangidwa chifukwa cholankhula ndi manja. Panapita zaka 130 kuti msonkhano wa mtundu womwewo, umene unachitika ku Vancouver mu 2010, unene poyera kuti zimene anagwirizana ku Milan zinali zolakwa. Inu yesani nokha madzulo ano kuhositelo. Imani patsogolo pa galasi, mutchule mopanda mawu: phala, bala, mbala. Milomo ichita chimodzimodzi. Yesaninso kula ndi gula. Kusiyana kwake kuli kukhosi kumene diso silifika. Ndipo mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga mudzausiyanitsa bwanji, popeza kusiyana kwake kuli m'kamvekedwe kokha? Munthu amene anayamba wamva, nagontha atakula, angathe kulota mawu otsalawo. Koma mwana amene sanamvepo Chichewa ali ngati munthu wofunsidwa kumasulira mwambi m'chinenero chimene sachidziwa.

M'dziko lathu maphunziro a ana osamva anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene Abulazala a Chikatolika a chipani cha FIC, ochokera ku Netherlands, anayamba ntchitoyi ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Kumeneko kuli sukulu ya Maryview. Pambuyo pake kunatsegulidwa sukulu zina: ya Mua ku Dedza, ya Mountain View ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, ya Embangweni ku Mzimba, ya Bandawe ku Nkhata Bay, ndi ya ku Karonga. Poyamba njira inali yomwe ija ya pakamwa, monga zinalili ku Ulaya masiku amenewo, koma ana pa okha, m'mahositelo ndi pa bwalo la masewera, analankhulana ndi manja, ndipo chinenero chinakula m'menemo. Bungwe la anthu osamva la MANAD linamenyera nkhondo chinenerochi kwa zaka zambiri, ndipo mu 2021 linatulutsa buku loyamba lotanthauzira mawu ake.

Tsono maphunziro a zinenero ziwiri atanthauza izi. Mwana apatsidwe chinenero chamanja msanga, chikhale chinenero chake choyamba, choganizira ndi chofunsira mafunso. Masamu, sayansi ndi mbiri aziphunzira m'chinenero chimenecho. Kenaka chinenero cholemba chiphunzitsidwe monga chachiwiri, powerenga ndi polemba, mphunzitsi ali kufanizira ziwirizo: m'manja timatere, pa pepala amalemba motere. Dziko la Sweden linavomereza chinenero chamanja mu 1981, ndipo mu 1983 linaika njira imeneyi m'sukulu zake. Pali njira ina imene ifanana nayo koma si yomweyo, ndiyo kulankhula Chingerezi ndi pakamwa uku manja ali kutsatira liwu ndi liwu. Imeneyi ndi yosavuta kwa mphunzitsi, koma kwa mwana zimatuluka zosokonezeka, monga munthu atatenga mawu a Chichewa n'kuwandandalika mwa dongosolo la Chingerezi.

Kunena zoona, kwa mwana wa kuno zinenerozo si ziwiri koma zitatu, kapenanso zinayi. Mayeso a MANEB ambiri ali m'Chingerezi, ndipo tonse tidziwa kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE. Koma kunyumba, kumsika wa Ndirande ndi kutchalitchi anthu alankhula Chichewa, ndipo m'mabanja ena a ku Bangwe kapena ku Machinjiri agogo alankhula Chiyao. Mlongo wanga alemba Chingerezi bwino kuposa Chichewa. Amayi athu Chingerezi sachidziwa kwenikweni. Choncho kakalata kamene iye alembera amayi, ndimamasulira ndine, ndipo ndikakhala kuno kusukulu kakalatako kadikira mu Baibulo kufikira nditabwera.

Chinanso ndi miyambo, ndipo apa ndiye pamene ndaona zovuta zambiri. Mwa mwambo wathu mwana waulemu agwada, nayang'ana pansi pamene wamkulu ali kulankhula. Mwana wosamva akayang'ana pansi, ndiye kuti watseka makutu. Ayenera kuyang'ana wamkuluyo m'maso, ndipo azakhali athu atabwera kuchokera kumudzi ananena kuti mwanayu ngwamwano. Kuloza munthu ndi chala ifenso timati n'chipongwe, koma m'chinenero chamanja ndimo munenera kuti "iye" kapena "inu". Osamva ali ndi makhalidwe awoawo. Poitana munthu amugwira paphewa kapena kukupiza dzanja. Pokondwera saomba m'manja koma akweza manja m'mwamba nawagwedeza. Aliyense apatsidwa dzina lamanja ndi anzake, lochokera pa maonekedwe kapena khalidwe lake; ine langa ndi chala chokhudza chipsera cha pachibwano, ndipo sanandifunse ngati ndilikonda. Magetsi akazima kwathu, ife akumva timapitiriza kucheza mumdima, koma iye watsekedwa pakamwa ndi m'makutu momwe kufikira kandulo atayatsidwa. Sukulu yabwino iphunzitsa mwana miyambo yonse iwiri, ya kwawo ndi ya osamva anzake, osamuchititsa manyazi ndi uliwonse.

Zonsezi zitsamira pa mphunzitsi. Aphunzitsi a ana osamva amaphunzira ntchito yawo ku koleji ya Montfort ku Nguludi, kumene aphunzitsi amene anatsiriza kale maphunziro a uphunzitsi amapita kukaonjezera luso lophunzitsa ana osamva, osaona, ndi ena ovutika kuphunzira. Yunivesite ya Katolika, imene inatsegulidwa ku Nguludi komweko mu 2006, nayo iphunzitsa za maphunziro a ana otere. Koma taganizani, anzanga. Ife tayamba Chingerezi ku Sitandade 1, ndipo kufikira lero tikaimirira pa mtsutso wa Loweruka lilime limagwa m'kamwa. Nanga munthu wamkulu angadziwe bwanji chinenero chamanja m'miyezi yochepa, kufikira pofotokozera nacho mmene masamba apangira chakudya cha mtengo? Mwa kuganiza kwanga, wophunzira uphunzitsi wotere ayenera kukhala pakati pa osamva akuluakulu, kudya nawo ndi kucheza nawo, ndipo asapatsidwe kalasi asanayesedwe ndi osamva eni ake. Ayeneranso kuphunzira kaphunzitsidwe ka kuwerenga kosadalira khutu, pakuti "a e i o u" wathu woimba uja kwa mwana wosamva alibe ntchito. Ngakhale kakhalidwe ka m'kalasi nkosiyana: ana akhale mozungulira kuti aonane manja, mphunzitsi asaime patsogolo pa zenera, ndipo asalembe pabolodi uku ali kufotokoza, chifukwa maso a mwana sangathe kuona ziwiri nthawi imodzi.

Koposa zonse pafunika aphunzitsi amene iwo eni ndi osamva. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene dziko lathu linavomereza mu 2009, linena mu gawo 24 kuti maboma alembe ntchito aphunzitsi odziwa chinenero chamanja, kuphatikizapo aphunzitsi olumala. Koma pano pali msampha. Kuti munthu akhale mphunzitsi afunika MSCE yabwino. Kuti wosamva apeze MSCE yabwino afunika mphunzitsi wodziwa manja kusekondale. Ndipo kusekondale ndi kumene aphunzitsi otere asowa kwambiri, pakuti osamva ambiri amalowa m'makalasi a ana akumva monga athu ano. Anansi athu apitako patsogolo pa kulemekeza chinenerochi. Uganda anachilemba m'malamulo aakulu a dziko mu 1995. Zimbabwe mu 2013 anachiika pakati pa zinenero zake 16 zovomerezeka, pamodzi ndi Chichewa chathu chomwe. South Africa anachipanga chinenero cha boma cha nambala 12 mu 2023.

Mlongo wanga anayamba mochedwa, ndipo tsopano ali mu Sitandade 3. Usiku womaliza wa tchuthi tinakhala pakhonde ndi kandulo pakati pathu, ndipo anandifunsa ngati pa sukulu yathu ino pali mphunzitsi wolankhula ndi manja, pakuti afuna kudzabwera kuno akadzakhoza mayeso. Ndinayesa kumuyankha mozungulira, koma manja anga sadziwa mawu okwanira kuzungulira nawo. Ndinangomuuza kuti palibe. Iye anawerenga ndi zala zaka zimene zatsala, zisanu, nandionetsa chikhato chonse, nandifunsa ngati zikwana kuti mmodzi aphunzire.