Alendo a Nyengo ya Cilimwe

M'dziko la Katete, Sinda ndi Vubwi dzuwa limaswa mtengo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe. Timitsinje timaphwa, ndipo amai amalawirira ku citsime mbandakuca. Amuna amasosa minda ndi kufolera nyumba ndi udzu watsopano. Masana anthu amausa pansi pa mitengo ya mango, m'mene nyenje zimalira kosalekeza.

Pa nyengo yomweyi pamudzi pamafika alendo osaitanidwa. Kuthengo kwapsa, madzi asowa, cakudya cacepa. Koma pamudzi pali cimanga m'nkhokwe, madzi m'mitsuko ndi mthunzi m'nyumba. Zamoyo za kuthengo zimatsata zinthu zitatu zimenezi.

Oyamba kufika ndiwo makoswe, amene amadzera cimanga ndi nsawawa. Pambuyo pao pamadza njoka. Njoka siicita thukuta monga munthu; thupi lake limatentha kapena kuzizira monga mwa malo amene ilipo. Cifukwa cace masana imabisala pozizira: pansi pa nkhokwe, pa mulu wa nkhuni, kapena kuseri kwa mtsuko. Madzulo imatuluka kukasaka makoswe, acule ndi anapiye. Siidzera munthu ai. Imaluma pamene yapondedwa kapena yasowa kothawira.

Njoka zambiri zimathawa zikamva mgugu wa mapazi, koma mphiri imangogona duu panjira. Ndi yaifupi ndi yonenepa, ndipo maanga ake afanana ndi masamba ouma, kotero kuti woyenda mumdima aiponda asanaione. Iliponso njoka ina imene imadzutsa mutu, nifutukula khosi, nilavula ululu m'maso mwa munthu woima ngakhale mamita 2 kutali.

Mlendo wina ndiye kadzidzi. Ambiri amamuopa, namati akalira pa denga ndiye kuti pamudzi pagwa maliro. Koma comwe amadzera ndi makoswe omwe aja. Banja limodzi la akadzidzi limadya makoswe mazana ambiri pa caka. Mnyamata woponya kadzidzi ndi legeni athandiza makoswe kuswana, ndipo makoswe akaculuka njoka sizicedwa.

Banja lodziwa zimenezi limadzichinjiriza mosabvuta. Limalambula udzu kuzungulira nyumba ndi kusesa pabwalo, kuti njoka isowe pobisala ndi kuti mkwasa wake uoneke pa dothi. Nkhuni limaziunjika kutali ndi khomo. Maenje a makoswe limatseka ndi dothi. Wogona amapinda neti yake pansi pa mphasa, ndipo m'mawa amakutumula nsapato asanabvale, pakuti zinkhanira zimakonda kulowamo. Mwana wocenjera sapisa dzanja m'una kapena m'culu.

Komabe ngozi siinunkha. Munthu akalumidwa, anzace amcotse pamalopo, amgoneke, ndipo asamlole kuthamanga, pakuti kuthamanga kufulumiza ululu m'thupi. Asaceke pa bala, asayamwe magazi, asamange mwendo ndi cingwe kolimba; zimenezi zimaonjeza bvuto, ndipo ena adaduka nazo miyendo. Asataye nthawi kufunafuna njokayo. Amnyamule pa njinga, pa ngolo kapena pa galimoto kunka naye ku cipatala msanga, pakuti kumeneko ndiko kuli odziwa kucepetsa ululu wa njoka. Ku Katete cipatala cacikulu ndi ca St Francis, cimene cinayamba nchito m'caka ca 1948. Wolavuliridwa m'maso asambe m'masomo ndi madzi ambiri oyera kwa nthawi yaitali, osatikita, ndipo nayenso apite ku cipatala.

Mvula yoyamba ikagwa, alendowa sacoka. Inswa zimatuluka m'zulu, acule amadza kudzadya inswazo, ndipo njoka zimatsata acule. Cifukwa cace ana opita kukatola inswa madzulo ayenera kubvala nsapato, kutenga nyali, ndi kuunika pansi asanaponde.

MAFUNSO
1. Chulani zinthu zitatu zimene zimakopa zamoyo za kuthengo kudza pamudzi.
2. Cifukwa ninji mphiri imaluma anthu ambiri?
3. Kodi kadzidzi amathandiza bwanji mwini nkhokwe?
4. Nanga munthu akalumidwa ndi njoka, anzace sayenera kucita ciani?