Kodi Mumadziwa? Za Mitengo ya ku Chongwe

Kodi mumadziwa kuti anthu wamba angathe kulanditsa nkhalango yathunthu? Mu 1983 boma la Zambia linachotsa chitetezo pa Forest 27, nkhalango ya kum'mawa kwa Lusaka kumene kumachokera mtsinje wa Chalimbana, ndipo mtsinjewo unayamba kuphwa. Anthu okhala m'mbali mwake anasaina chikalata chodandaula, boma n'kuitetezanso mu 1996, patadutsa zaka 13!

Nanga mukuti madzi a Chalimbana amathera kuti? Amakathira mu mtsinje wa Chongwe, womwe tauni ya Chongwe imamwa. Ndiye kuti nkhwangwa ikalira kufupi ndi Lusaka, madzi angachepe m'mitsinje ya ku Chongwe!

Kodi munawerengapo mitengo imene ikugwa? Akatswiri a zankhalango akhala akunena kuti Zambia imataya mahekitala pafupifupi 250,000 pachaka. Amenewo ndi mabwalo a mpira oposa 900 tsiku lililonse!

Matumba a makala amene mumawaona pa njinga mu Great East Road aja, mumawadziwa kulemera kwake kwenikweni? Uvuni wadothi wowotchera makala umadya nkhuni zambiri koma umabweza zochepa. Kilogalamu imodzi ya makala imameza nkhuni zosachepera makilogalamu 5!

Kodi mumadziwa kuti mthunzi uli ndi muyeso wake? Bungwe la FAO limati mitengo yobzalidwa pamalo oyenera m'tauni imaziziritsa mpweya. Kutentha kumatsika ndi madigiri 2 mpaka 8, popanda magetsi!

Msangu mumaudziwa? Mtengo wochita zosiyana ndi inzake umenewu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, n'kuthira manyowa m'munda osaphimba chimanga. Alangizi amati mubzale motalikirana mamita 10, ndipo hekitala imodzi imalowa mitengo 100!

Nanga sukulu ya zoterezi ili kutali? Ayi, ili m'boma la Chongwe lomweli: Kasisi Agricultural Training Centre imaphunzitsa alimi kulima mosakaniza mitengo ndi mbewu. Inatsegulidwa ndi a Jesuit kalekale mu 1974!

Kodi tsiku lobzala mitengo mu Zambia mukulikumbukira? Ndi 15 Disembala, koma mbande yanuyo idzakumana ndi mbuzi, moto wolusa ndi miyezi pafupifupi 6 yopanda mvula. Gawanani ntchito yothirira ndi kutchingira pa sukulu, pa tchalitchi ndi pa msika: mukabzala 10, idzafika mwezi wa Okutobala ndi ingati?