Kuthamanga Si Kufika: Malamulo a Mafuta a Sitima za Panyanja

Thumba la feteleza limene bambo amabwera nalo pa njinga layenda ulendo wautali kuposa mwini wake. Lisanakwezedwe pa lole ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, linagona masabata angapo m'mimba mwa sitima ya panyanja yamchere. Fodya ndi tiyi wathu amatulukiranso njira yomweyo. Motero malamulo olamulira sitimazi amatikhudza ndithu, ngakhale Malaŵi alibe gombe la nyanja yamchere.

Sitima zambiri zikuluzikulu zimayendera mafuta akuda amene amatsalira poyenga petulo ndi dizilo. Bungwe la maiko loyang'anira maulendo a panyanja, lotchedwa IMO, limene likulu lake lili ku London, linapeza kuti m'chaka cha 2018 utsi wa sitima unali pafupifupi magawo 3 pa 100 alionse a mpweya wotenthetsa dziko umene anthu anatulutsa. Mpweya umenewu ndiwo ukusokoneza nyengo.

M'chaka cha 2011 maiko anagwirizana pa lamulo lotchedwa EEDI, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2013. Lamuloli limafunsa funso limodzi: kodi sitima yatsopano idzatulutsa mpweya woipa wochuluka bwanji ponyamula tani imodzi ya katundu mtunda wa mailo imodzi? Silimuuza mmisiri kamangidwe kake, limangomuikira malire. Malirewo anakhala akutsika: magawo 10 pa 100 mu 2015, magawo 20 mu 2020, ndi magawo 30 mu 2025, poyerekeza ndi sitima zakale.

Nanga sitima zomangidwa kale? Sitima imatha kugwira ntchito zaka 25 kapena kuposerapo, choncho kuyambira mu 2023 nazonso zinaloŵa m'lamulo. Sitima zazikulu zonyamula katundu ndi anthu zimaŵerengetsa mafuta amene zatentha ndi mtunda umene zayenda, ndipo chaka chilichonse zimalandira chilembo, kuyambira A mpaka E, monga ana pa mayeso. Yolandira E kamodzi, kapena D zaka zitatu zotsatizana, mwini wake ayenera kulemba dongosolo losonyeza mmene adzakonzere zinthu.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala oyamba ndi apafupi: kuchepetsa liŵiro. Madzi amakaniza sitima kwambiri ikamathamanga. Ikachepetsa liŵiro ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, mafuta a ulendo wonse amatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Akulu akale ananena zoona kuti kuthamanga si kufika. Eni sitima amapalanso ndere ndi nkhono zomamatira kunsi kwa chombo, chifukwa chombo chosalala chimang'amba madzi mosavuta. Ena abwerera ku mphepo: mu 2023 sitima yotchedwa Pyxis Ocean inanyamuka ku China kupita ku Brazil itaikidwa matanga aŵiri olimba, lililonse lotalika mamita oposa 37.

Komatu palibe chabwino chopanda mtengo wake. Sitima yoyenda pang'onopang'ono imafika mochedwa, ndipo woitanitsa feteleza ayenera kuitanitsa msanga kuti mvula isamupeze chimanjamanja. Mafuta atsopano osatulutsa utsi wambiri ndi okwera mtengo, ndipo maiko osauka okhala kutali ndi misika amaopa kuti ndalamazo zidzagwera pa ogula. Mu 2023 maiko analonjeza kuti pofika cha m'ma 2050 maulendo a panyanja asadzawonjezerenso mpweya woipa mumlengalenga. Koma atakumana mu October 2025 kuti avomereze lamulo lolipiritsa sitima zautsi wambiri, sanamvane, ndipo anaimitsa nkhaniyo kwa chaka chimodzi.

Ife tili mbali zonse ziŵiri za nkhaniyi. Timafuna feteleza wotsika mtengo. Timafunanso mvula yodza pa nthaŵi yake, osati chilala kapena namondwe wonga Freddy wa 2023. Makolo, pofotokozera ana chifukwa chake zinthu zimakwera mtengo, musaiŵale ulendo wa panyanja. Ndipo inu achinyamata amene mukulimbana ndi masamu ndi sayansi, dziŵani kuti chiŵerengero cha mafuta chimene woyendetsa sitima amalemba pakati pa nyanja chimadzafika mpaka m'munda mwa amayi anu.