Feteleza wa chimanga: kuyeza kumaposa kuwaza

Mvula ikayamba ku Chifunde, mu Novembala kapena Disembala, pakhomo paliponse nkhani imakhala ya feteleza, amene ena amati adubu. Feteleza wambiri amatsika m'sitima pa doko la Beira, n'kudutsa mumzinda wa Tete, kenako n'kukwera msewu wa ku Cassacatiza. Akamafika ku Mualadzi kapena ku Nsadzu, mtengo umakhala utakwera. Banja limagulitsa mbuzi kapena kudikira ndalama ya fodya kuti lipeze thumba limodzi.

Koma si feteleza yense wothiridwa amene amalowa m'chimanga. Mu 1999, akatswiri awiri a ku Oklahoma ku America, William Raun ndi Gordon Johnson, anawerengera kuti padziko lonse chimanga, mpunga ndi tirigu zimadya gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a nayitrojeni wothiridwa. Nayitrojeni ndi chakudya chimene chimabiriwitsa masamba ndi kukulitsa mbewu. M'Chipwitikizi amati azoto.

Njira yochepetsera kutayika kumeneku ilipo. Ndi ulimi woyeza, umene m'Chipwitikizi amati agricultura de precisão. Malamulo ake ndi anayi: feteleza woyenera, mulingo woyenera, nthawi yoyenera, malo oyenera. Chimene chikuchedwetsa alimi ambiri ndi maganizo asanu amene amamveka m'midzi.

"Zimenezo n'za olemera"

N'zoona kuti m'minda ikuluikulu ya kunja amagwiritsa ntchito makina oyeza kubiriwira kwa masamba, monga otchedwa GreenSeeker. Koma kuyeza sikudikira makina. Ku Niger ndi ku Zimbabwe, bungwe la ICRISAT linaphunzitsa alimi kuyeza feteleza ndi chitsekerero cha botolo, phando ndi phando.

Tiyeni tiwerenge. Thumba la makilogalamu 50 lili ndi magalamu 50,000. Mukamathira magalamu 5 pa phando, thumbalo likwanira mapando 10,000. Mukamatapa ndi dzanja n'kuthira magalamu 10, lithera pa mapando 5,000, theka la munda n'kutsala ndi njala.

Manambala a pathumba nawonso ndi muyeso. Pa thumba la ureya palembedwa 46. Ndiye kuti m'makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitrojeni. Pa thumba la NPK 12-24-12, nambala yoyamba ndiyo ya nayitrojeni, ndipo muli makilogalamu 6 okha. N'chifukwa chake NPK ndi wokulitsa, wothira pobzala, pomwe ureya ndi wobereketsa. Wina salowa m'malo mwa mnzake.

"Munda ndi umodzi, mulingo ndi umodzi"

Mlimi aliyense amadziwa kuti pachulu, pakhola lakale ndi pamene panali soya kapena mtedza chaka chatha, chimanga chimabiriwira msanga. Amadziwanso pamchenga pamene chimanyentchera. Malo amenewa sadya mofanana. Pamalo achonde chepetsani mulingo. Mukachulutsa, chimanga chimangotalika, chimagwa ndi mphepo, ndipo ndalama imapita pachabe. Pamchenga gawani ureya kawiri, chifukwa madzi amatsitsa nayitrojeni msanga kupitirira mizu.

"Chimanga chikachita chikasu, chikufuna ureya"

Yambani mwaona masamba amene achita chikasu. Njala ya nayitrojeni imayambira pa masamba a m'munsi. Chikasucho chimayamba kunsonga ya tsamba n'kutsata msempha wapakati, ngati chilembo V. Ngati achita chikasu ndi masamba anthete a pamwamba, kawirikawiri chosowa ndi chakudya china chotchedwa salufa. Chimanga chimachitanso chikasu madzi akaima m'munda, kapena kaufiti akagwira mizu. Pamenepo ureya yekha sathetsa vuto: tsegulani ngalande, zulani kaufiti asanachite maluwa.

"Ingowazani, mvula idzalowetsa"

Ureya akakhala pamwamba pa nthaka kukutentha, gawo lina limasanduka mpweya n'kuuluka. Kukagwa mvula yamphamvu, madzi amamukokolera kudambo. Thirani nthaka ili yonyowa, mutapalira, chimanga chitatha masabata atatu kapena anayi chimerereni. Boolani kadzenje ndi ndodo, masentimita 10 kuchokera pa phesi, thirani, kwirirani. Akagunda phesi amawotcha. Mukachedwa mpaka ngayaye zitatuluka, phindu lalikulu limakhala litadutsa.

"Feteleza amapha nthaka"

Apa pali choonadi pang'ono. Ureya wothiridwa yekha chaka ndi chaka amawawasitsa nthaka pang'onopang'ono. Koma chimene chimatopetsa munda kwambiri ndi kubzala chimanga pamalo amodzi osasintha, ndi kutentha mapesi. Manyowa amasunga chinyezi ndi kugwira chakudya pafupi ndi mizu. Soya, mtedza, nandolo ndi khobwe zimatenga nayitrojeni mumpweya kudzera mu timaso ta ku mizu yake. Pansi pa mtengo wa nsangu chimanga chimakondwa chifukwa cha masamba ake. Feteleza amagwira bwino ntchito pa nthaka yodyetsedwa motere.

Yesani nokha chaka chino

Musakhulupirire chifukwa mwawerenga. Sankhani mizere khumi yotalika mofanana, pa nthaka yofanana. Mizere isanu thirani monga mwa masiku onse. Isanu inayo yezani ndi chitsekerero ndipo kwirirani. Lembani m'kope tsiku lobzala, tsiku lothira ndi kuchuluka kwa feteleza amene walowa mbali iliyonse. Pokolola, werengani zitini za mbali iliyonse payokha. Kope limenelo lidzakuuzani zoona za munda wanu kuposa mphekesera za pamsika.

Mulingo weniweni pa phando umadalira mtundu wa nthaka ndi katalikirano ka mapando anu. Funsani mlangizi wa zaulimi, extensionista wa ku ofesi ya SDAE ya boma la Chifunde. Kufunsa ndi ufulu wanu, ndipo kuyankha ndi ntchito yake. Mukamapita, tengani kope lanu ndi chitsekerero chimene mumayezera, kuti akuuzeni magalamu amene chimatenga. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.