Kuphunzitsa Mtunda, Liŵiro ndi Nthaŵi: Ulendo wa Pandege wa ku Nairobi

Ana ambiri amaloŵeza lamulo lakuti nthaŵi ya ulendo imapezeka pogaŵa mtunda ndi liŵiro, koma akapatsidwa ulendo weniweni amasokonezeka. Udindo wathu ife aphunzitsi ndiwo kuwathandiza kuzindikira zimene lamulolo silinena. Ulendo wa pandege wochokera ku Lilongwe kupita ku Nairobi, likulu la Kenya, ungatithandize pa ntchito imeneyi.

Choyamba, ana ayeze okha mtunda. Ayale ulusi pa mapu a Africa pakati pa mizinda iŵiriyi, kenaka auyerekeze ndi sikelo ya mapuwo. Adzapeza makilomita pafupifupi 1,400.

Chachiŵiri, tiwauze kuti ndege yaikulu ikafika m'mwamba imauluka makilomita pafupifupi 800 pa ola. Akagaŵa 1,400 ndi 800 adzapeza 1.75. Apa tiyenera kuchenjera, pakuti ena adzati ndi ola limodzi ndi mphindi 75, poiŵala kuti ola lili ndi mphindi 60, osati 100. Tijambule koloko pabolodi, tiigaŵe panayi, kuti aone kuti 0.75 ndi magawo atatu a ola, ndiye kuti mphindi 45.

Chachitatu, tiwadziŵitse kuti ulendo weniweni umapitirira pang'ono maola aŵiri, ndipo tiwafunse chifukwa chake tisanawauze. Ndege imayamba yayenda pansi pabwalo, liŵiro lake limachepa pokwera ndi potsika, ndipo nthaŵi zina imalimbana ndi mphepo.

Chachinayi ndicho chovuta koposa. Tiyerekeze kuti ndege yanyamuka ku Lilongwe 2:00 masana, niuluka maola aŵiri ndi mphindi 10. Potera, makoloko a ku Nairobi adzasonyeza 5:10, osati 4:10. Pobwerera, ikanyamuka 2:00 idzafika ku Lilongwe 3:10. Mwana wongochotsera manambala adzati ulendo wopita ndi wautali kuposa wobwerera, chonsecho mtunda ndi womwewo.

Chifukwa chake nchakuti dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, ndiye kuti madigiri 15 pa ola. Nthaŵi ya ku Malaŵi imatsata mzere wa madigiri 30 kum'maŵa, pamene ya ku Kenya imatsata wa madigiri 45. Motero Kenya ali patsogolo ndi ola limodzi. Mpira ndi tochi nzokwanira kusonyeza kuti dzuŵa limayamba kutulukira anthu a kum'maŵa.

Pomaliza, tiwayese ndi ulendo wa ku Johannesburg, wa makilomita pafupifupi 1,500. Nthaŵi ya ku South Africa ndi yofanana ndi yathu. Mwana amene adzayamba wafunsa za makoloko a kumeneko asanachotsere manambala, ameneyo ndiye wamvetsa phunziro lathu.